Za Zobvala za Aperekezi a Mkwatibwi, kwa Magodi ndi kwa Amwenye

Munthu akafika pa ukwati wa m'chalichi m'dziko la Mfumu Magodi, kaya ndi pa Egichikeni, kaya pa Emusa, kaya pa Misyoni ya Chasefu, cinthu coyamba kumkopa maso si mkwatibwi ai, koma asungwana amene amperekeza. Onse abvala nsalu ya maanga amodzi yosokedwa mofanana, ndolo zao ndi zolingana, ndipo ngakhale nsapato ayesetsa kuti zisasiyane. Wina akabvala zopatuka pang'ono, nchembere zimayamba kunong'onezana mbusa asanatseke buku. Acinyamata ambiri amayesa kuti khalidwe limeneli ndi la makolo athu. Ena, amene anaonapo zithunzi za maukwati a Amwenye, m'mene anamwali khumi amaima mondondozana atabvala silika wonyezimira wa mtundu umodzi, amati tinatengera kwa Amwenye, popeza ndiwo akhala akutigulitsa nsalu. Magulu onse awiri aphonya, koma laciwirili laphonya pafupi, ndipo kuti tione pamene lasocerera tiyenera kubwerera m'mbuyo ndithu.

Dziko la Magodi liri kumpoto kwa Boma la Lundazi, motsata malire a Malawi. Linali pansi pa Lundazi kufikira mu 2018, pamene Chasefu anapatulidwa kukhala boma lapalokha. Anthu ace amalankhula Citumbuka, koma ufumu ndi wa Cingoni, wa mbumba ya Angoni a M'mbelwa, ana a aja anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835. Angoniwo anadza ndi mwambo wa malowolo, wakuti mkazi acoke kwao kukakhala kwa mwamuna, ndipo mkazi wotere sanali kupita yekha monga wothawa. Azakhali ace ndi anamwali anzace anali kumperekeza ndi nyimbo ndi nthungululu, naima pa njira osasuntha kufikira eni mudzi atawafupa. Tsono kuperekeza mkwatibwi ndi kwathu, sitinaphunzire kwa munthu. Koma aperekeziwo sanali kufanana zobvala. Yense anali kudzola mafuta a nsatsi, nabvala cikopa cace kapena nyanda yace, ndi mikanda imene amace anamsungira. Amene anali ndi kansalu anali kukabvala monyada, ndipo panalibe womletsa.

Kansalu kameneko kawirikawiri kanali ka ku India, pakuti nsalu ya Mmwenye inafika kuno kale mwini wace asanaoneke. Apwitikizi pamene anafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa ca m'ma 1500, anapeza kuti ku Kilwa ndi ku Sofala golide ndi minyanga zinali kusinthanitsidwa ndi nsalu za ku Gujarat, dziko la kumadzulo kwa India. Nsaluzo zinali kulowa m'kati mwa dziko pa mitu ya Ayao, Abisa ndi Alungwana. Ulendo wa Monteiro ndi Gamitto, umene unacoka ku Tete mu 1831 kunka kwa Kazembe, unadutsa pakati pa Acewa ndi Atumbuka nuoloka Luangwa, ndipo cakudya ndi njira anali kulipira ndi nsalu ndi mikanda. Nsalu yakuda ija agogo athu anali kuicha kaniki inali ya ku India. Yoyera ija, merikani, poyamba inali kucokera ku America monga dzina lace linena, koma makina oombera nsalu atayamba kumangidwa ku Bombay mu 1854, Amwenye anaomba yofanana nayo, dzina nkukhala lomwelo. M'cigwa ca Luangwa anthu anali kulima thonje naomba nsalu zao zokhuthala, koma nchito imeneyo inafota pamene ya kunja inaculuka. Ndipo tisabise mbali yowawa: mayadi omwewo amene anakometsa anamwali ena, anagulanso anamwali ena kunka nao ku ukapolo.

Amwenye eni ace anafika mocedwa. Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, anamangidwa mu 1899, nakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, ndipo ca m'ma 1905 amalonda oyamba a Cimwenye anatulukira kumeneko kucokera ku Nyasaland. Iwowa sanadze monga aja anatengedwa kukalima nzimbe ku Natal kuyambira 1860, kapena aja anamanga njanji ya ku Uganda. Anadza mwa kufuna kwao kudzacita malonda. Ambiri a iwo anali Asilamu a ku Gujarat, a m'midzi yozungulira Surat ndi Bharuch, pamene Ahindu anakonda matauni a m'njanji monga Livingstone, Lusaka ndi Ndola. Munthu akakhazikika anali kuitana mphwace kapena mwana wa mlongo wace kuti amgwirire nchito zaka zingapo, kenaka nkumpatsa katundu wa ngongole akatsegule sitolo yace kwina. Ndimo masitolo anafalikira ku Petauke, ku Katete ndi pa Boma la Lundazi, ndi ku Mzimba kutsidya kwa malire, kumene anthu a kwa Magodi ali ndi abale ao.

Sitolo ya Mmwenye inali ndi zinthu zitatu zimene ziri zofunika pa nkhani yathu. Coyamba cinali thebulo lalitali lija timati kauntala, lolekanitsa wogula ndi mipukutu ya nsalu yoikidwa m'mwamba. Caciwiri cinali ndodo yoyesera yadi. Cacitatu cinali telala wa Cifirika, wokhala pa khonde ndi makina a Singer, amene anali kulandira nsalu ikadatuluka kumene m'manja mwa wogulitsa. M'matauni a masiku a atsamunda masitolo ambiri a Azungu anali kugulitsa kwa anthu akuda pa kazenera ka kumbali, koma kwa Mmwenye munthu anali kulowa, kuikhudza nsalu, kuinunkhiza, kukangana za mtengo m'cinenero cace, ndi kulandira mbasela ya singano kapena kamcere potuluka. Sindinena kuti munali cikondi cokhacokha. Anthu anali kudandaula za miyeso, za ngongole zosatha, ndi za malipiro ocepa a anyamata a m'sitolo; Amwenye naonso anali kudandaula za okongola osabweza. Koma mkazi wa kumudzi anali ndi ufulu wosankha maanga pamenepo, ufulu umene sanaupeze pa kazenera.

Nanga kufanana kwa zobvala kunacokera kuti? Kunacokera ku England. Pa 10 February 1840 Mfumukazi Victoria anakwatiwa ndi Albert atabvala diresi loyera, ndipo anamwali 12 amene anamgwirira mcira wa diresilo anabvala zoyera zofanana, zimene iye mwini anajambula maonekedwe ace. Atatha mwambo anapatsa yense wa iwo cokometsera ca pa cifuwa coumbidwa ngati ciombankhanga, cokhala ndi timiyala tobiriwira. Manyuzi anafalitsa zimenezi, mabanja a ku Britain natengera, kotero kuti pofika nthawi imene amisyoni a ku Scotland anayamba Livingstonia mu 1875, ukwati wolongosoka m'maso mwao unali wa diresi loyera, nsalu yophimba nkhope, mphete, ndi aperekezi ofanana. Misyoniyo inakhazikika pa Loudon, ku Embangweni, mu 1902 pansi pa Donald Fraser, ndipo mu 1922 inatsegula Chasefu m'dziko la Magodi. Akazi a amisyoni anaphunzitsa asungwana kusoka. Oyamba kukwatira mwa njira yatsopanoyi anali aphunzitsi, alaliki ndi akalaliki. Pambuyo pace anyamata obwera ku Salisbury, ku Joni ndi ku Migodi anadza ndi masuti ndi zithunzi za maukwati a m'tauni, ndipo namwali wa kumudzi ataona cithunzi sanafunenso zocepera pamenepo.

Apa ndi pamene njira ziwirizi zinakomana. Maganizo anali a ku misyoni, koma misyoni sinali sitolo ya nsalu. Banja lofuna kubveka asungwana anai kapena asanu ndi mmodzi mofanana linayenera kugulitsa mtedza kapena mbuzi, kapena kudikira ndalama za wa ku Joni, ndi kuyenda ulendo wa ku Boma. Kumeneko Mmwenye anali kuwerenga mayadi a munthu yense, nawacenjeza kuti agule zonse pa mpukutu umodzi tsiku lomwelo, cifukwa mpukutu wina, ngakhale wa dzina lomwelo, umasiyana pang'ono utoto wace, ndipo pa dzuwa kusiyanako kumaoneka. M'menemo munali nzeru ya malonda, inde, koma munalinso coonadi. Telala wa pa khonde anali kuyesa asungwana amene afika. Amene anatsala kumudzi, muyeso wao unali kudza pa cingwe comanga mfundo, ina ya m'ciuno, ina ya pa cifuwa, ina ya msinkhu. Maliboni, mabatani, ndolo za mkuwa, mipango ya kumutu, zonse zinali kutuluka m'kabati yomweyo. Motero Mmwenye wa pa Lundazi anakhala katswiri wolinganiza aperekezi a maukwati a Cikristu, pamene m'nyumba yace, kuseri kwa sitolo, mwambo umenewo munalibe.

Ici ndico anthu ambiri sacidziwa. Pa ukwati wa Asilamu a ku Gujarat panalibe mzere wa aperekezi oyenda pambuyo pa mkwatibwi. Pangano lao, limene alicha nikah, limacitika pakati pa amuna, mu mzikiti kapena m'nyumba. Mkwatibwi amakhala m'cipinda cina ndi akazi, nabvomera pamaso pa mboni zimene zimakanena kwa amunawo. Cuma cimene mkwati amapereka, mahr, ndi ca mkazi mwini, si ca atate ace monga ziri ng'ombe za malowolo. Usiku wina ukwati usanafike akazi amasonkhana kulemba maluwa m'manja ndi m'mapazi a mkwatibwi ndi masamba osinja a hina, amene amasiya mtundu wofiirira masiku ambiri, ndipo abale ndi anzace naonso amalembedwa. Phwando la kucimuna, walima, limatsatira pambuyo. Pa masiku onsewa msungwana aliyense anali kubvala cace copambana: uyu cobiriwira, uyo cacikasu, wina ca ulusi wagolide umene mzinda wa Surat uli wochuka nao. M'kuona kwanga, kusiyanako ndiko kunali ulemu wa banja, pakuti kunali kuonetsa kuti nyumba iri yonse iri ndi cuma cace m'bokosi.

Ahindu a ku Gujarat ali ndi mwambo wina umene Mcewa angaumve msanga. Mkwatibwi wao amabvala sari, ndiyo nsalu yaitali ngati mayadi 6 yokulunga thupi popanda kusoka. Sari yoyamba, panetar, yoyera ya m'mphepete mofiira, sagula ndi atate ai, koma atsibweni, mlongo wa amace, amene amadza nayo pamodzi ndi zibangiri pa mwambo wochedwa mameru. Yaciwiri, gharchola, yofiira ya timabwalo tagolide ndi timadontho topangidwa pomanga nsalu ndi ulusi isanabviikidwe mu utoto, imacokera kwa apongozi, kusonyeza kuti amlandira m'nyumba yao. Tsono msungwana amalowa mu ukwati atabvala kwao, natuluka atafunda kwa mwamuna. Asanafike pamenepo akazi amamdzoza cikasu cosinja kuti khungu liwale, ndipo pa tsikulo iye ndi mkwati amazungulira moto kanai. Mtundu wofiira ndi wa mkwatibwi. Woyera wopanda cosakaniza ndi wa maliro ndi wa akazi amasiye, ndipo wakuda samaukonda pa cisangalalo. Taganizani mmene mkazi wa Cihindu anadabwira poona koyamba namwali wa kuno akunka ku ukwati wace atayera mbee kuyambira kumutu kufikira kuphazi!

Abale acikazi a mkwatibwi ali ndi nchito yao ngakhale analibe yunifolomu. Mkwati akabvula nsapato kuti alowe pa malo a mwambo, alamu ace amaziba nazibisa, ndipo sazibweza kufikira atawapatsa ndalama. Owerenga amene anaonapo aperekezi a kwathu ataima nji pa njira kudikira kufupidwa adzaseka pozindikira kuti alamu ndi amodzi dziko lonse lapansi.

Koma anthu a kwa Magodi sanali kuziona zimenezi, ngakhale anakhala moyandikana ndi Amwenye zaka zambirimbiri. M'zaka zoyamba mnyamata wa Cimwenye anali kubwerera ku India kukakwatira, nadza ndi mkazi pa sitima ya pamadzi kudzera ku Beira. Pambuyo pace, mabanja ataculuka, maukwati anayamba kucitikira ku Fort Jameson, ku Limbe ndi ku Lilongwe, makamaka citaganya ca Federation citayamba mu 1953, pakuti boma limenelo linatseka njira kwa Amwenye atsopano. Pa maukwati amenewa munthu wakuda anali kufika monga wophika, wotunga madzi kapena woyendetsa lole, osati monga mlendo woitanidwa. Ndipo Mmwenye amene anasankha nsalu ya aperekezi a pa Chasefu sanali kupita kukaona mmene yawakhalira. Boma la atsamunda linalekanitsa masukulu ndi malo okhala a mitundu itatu, cipembedzo ndi malamulo a zakudya zinaonjeza mpanda, ndipo kunyozana kunali mbali zonse. Anthu awiri anali kugwira nsalu imodzi, uyu nsonga iyi, uyo nsonga iyo, kauntala iri pakati.

Ufulu unadza mu 1964, ndipo mu April 1968, pa Mulungushi, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti malonda a m'masitolo kunja kwa pakati pa matauni akuluakulu akhale a nzika za Zambia zokha. Amwenye amene anatenga unzika anatsala, ndipo zidzukulu zao ziripo ku Chipata ndi ku Lundazi. Ena anatembenukira ku malonda a pikulitsa, ku magalimoto ndi ku ulimi. Amene anasunga mapasipoti a Britain ambiri anagulitsa nacoka. Ku Malawi Dr Banda anayamba mu 1970 kuwacotsa m'midzi, kotero kuti pofika 1978 anatsala ku Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu kokha, ndipo Idi Amin anawapitikitsa ku Uganda mu 1972. Cifukwa ca lamulo la Mulungushi cinali comveka, pakuti mwini dziko sangakhale wogula masiku onse. Koma sitolo si nyumba yokha. Ndi ngongole ya kwa wopikulitsa ndi njira ya katundu, ndipo ambiri amene analandira makiyi sanalandire zimenezi. Amai amene anakwatiwa m'zaka za kusowa kwa katundu, m'ma 1970 ndi 1980, amakumbukira mmene kupeza mayadi 20 a nsalu imodzi kunaliri nkhondo.

Ocoka aja ambiri anakakhala ku London ndi ku Leicester, kumene msewu wa Belgrave Road unadzaza ndi masitolo a sari ndi a golide. Ana ao anaphunzira pamodzi ndi ana a Azungu, naitanidwa ku maukwati ao, ena naperekeza anzao a Cizungu atabvala zofanana. Pokwatiwa iwo eni anafuna kuti anzao a pamtima aime nao comweco. Amwenye a ku America ndi ku Canada anacita cimodzimodzi, ndipo makanema a ku Bombay, monga Hum Aapke Hain Koun wa mu 1994, anakulitsa cilakolako ca maukwati a masiku ambiri ndi zobvala zambiri. Comweco mwambo wa Victoria unalowa m'nyumba za Amwenye mocedwa kuposa mmene unalowera m'midzi ya kwa Magodi. Mdzukulu wa wogulitsa nsalu uja anakauphunzira ku England, pamene agogo ace anali kuugulitsa pa yadi ku Lundazi.

Nchito yolinganiza aperekezi pa ukwati wa Amwenye a masiku ano ndi yaikulu kuposa yathu. Mkwatibwi amayamba wasankha cace, kenaka nkusankhira anzace mtundu wosapikisana naco, kawirikawiri wofuwirira, kuti cofiira cace cioneke pakati pao monga duwa pa masamba. Ambiri amasankha lehenga, ndiyo siketi yaitali yotambalala, kabulauzi kace, ndi mpango waukulu wa pa phewa, cifukwa sari imabvuta amene sanaizolowere, ndipo pamafunika mai wodziwa kuti awakulunge mmodzimmodzi m'mawa. Miyeso imatumizidwa pa lamya kwa matelala a ku Ahmedabad, Surat kapena Mumbai miyezi ingapo tsikulo lisanafike, ndipo telala wanzeru amasiya nsalu yapadera m'msoko kuti bulauzi ikathina imasulidwe. Zibangiri ziri ndi miyeso yace, pakuti ca galasi sicipindika. Cikacepa cimasweka pa dzanja. Ndolo, kakometsero ka pa mphumi ndi nsapato zimagulidwa pamodzi, koma golide weniweni amasiyira mkwatibwi. Ndipo popeza pali tsiku la hina, la cikasu, la pangano ndi la phwando, funso limabuka lakuti afanane masiku angati, ndipo alipire ndani. Mabanja ena amagulira aperekezi monga mphatso, ena amati yense adzigulire, ndipo zibwenzi zina zathera pomwepo.

Funso lomweli latifika ifenso. Pa ofesi pamene ndimagwira nchito ya ukalaliki ndaona anzanga akukongola ndalama pakati pa mwezi cifukwa mlongo wao wasankhidwa kuperekeza, ndipo komiti ya ukwati yachula diresi, nsapato, tsitsi ndi citenje ca akazi onse a pa banja. Namwali wosauka, amene anakula ndi mkwatibwi nagona naye mphasa imodzi, amasiyidwa, m'malo mwace nkuikamo mlendo amene angathe kugula. Aperekezi a makolo athu anali kusankhidwa cifukwa ca ubale, ndipo asungwana a ku Gujarat amene anali kulemba hina sanali kufunsidwa za mtundu wa nsalu yao. Sindidana nako kufananako, pakuti kumakondweretsa maso, ndipo kumaletsa mwana wa wolemera kuphimba mkwatibwi pa tsiku lace. Koma ndiyesa kuti amene afuna kufanana ndiye ayenera kunyamula mtengo wace, monga Victoria anapatsa anamwali ace zokometsera osawalipiritsa.

Nsalu za masiku ano zambiri zimadindidwa ku China, ku India ndi ku Tanzania, ndipo salaula yalanda matelala nchito yaikulu kuyambira kumapeto a zaka za m'ma 1980; koma diresi la salaula limadza limodzi, silikhala ndi linzace, kotero kuti pa nkhani ya aperekezi telala akadali mfumu. Zitenje zimagulidwa pa Lundazi, ku Down Shops ku Chipata, kapena ku Kamwala ku Lusaka, kumene masitolo ambiri a nsalu akadali m'manja mwa mabanja a Cimwenye, amene tsopano ndi nzika zobadwira muno, zolankhula Cinyanja monga ife. Mai wa ku Egichikeni amadzuka tambala woyamba kukakwera galimoto, atamanga kacidutswa ka nsalu pa nsonga ya citenje cace, ndi miyeso ya asungwana yolembedwa pa pepala la m'kope ya sukulu. Akafika pa kauntala amamasula mfundo, nayala kacidutswako, nafunsa ngati mpukutu umenewo ungakwanire anthu asanu ndi atatu, ndi kutsalako pang'ono ya mipango.